Mwana wanga akufuna utelala, nditani?

Funso: Akonzi, ndili ku Salima, mwana wanga wasiya sukulu fomu 2 akuti akufuna utelala, amangokhalira pakhonde la sitolo pa Kamuzu Road kuonerera makina. Zili ndi tsogolo zimenezi?

Yankho: Mayi musataye mtima. Alexander McQueen, katswiri wotchuka wa masitayilo a zovala wa ku London, mwana wa dalaivala wa takisi, anasiya sukulu ali ndi zaka 16 nkukaphunzira kusoka masuti ku Savile Row, msewu wa matelala otchuka ku London komweko, kenako anabwereranso kusukulu, ku koleji ya zaluso ya Central Saint Martins, nkumaliza 1992, pofika 1996 anali mkulu wa masitayilo ku Givenchy, kampani yotchuka ya zovala ya ku France. Ndiye mupezereni telala waluso amuphunzitse kudula nsalu kwenikweni, osati kumangopinda mathalauza a kaunjika ayi, koma zasukuluzo mukambirane nayenso chifukwa tepi ndi choko zimafuna masamu.