Kodi mwana woyamwa afunika mankhwala owonjezera magazi? Nanga bambo ake?

Mayi wina watilembera pa imelo. Mwana wake ali ndi miyezi inayi, anabadwa masiku atakwana, sikelo yake inali yabwino, ndipo akuyamwa mwakathithi. Mlamu wake wa ku America akumuuza kuti kumeneko ana oyamwa amayamba timadontho ta ayironi (mchere umene thupi limapangira magazi) pa miyezi inayi. Mayiyu watsalanso ndi mapiritsi owonjezera magazi amene analandira kusikelo ali woyembekezera, ndipo amuna ake akufuna aziwamwa poti masiku ano akungotopa. Akufunsa ngati zonsezi zili bwino.

Mayi, mwanayo musathamangire kumugulira timadontho, ndipo mapiritsiwo bambo asawakhudze mpaka atayezetsa magazi.

Mkaka wa m'mawere uli ndi ayironi wochepa zedi, wosakwana theka la miligalamu pa lita imodzi. Koma mwana sadalira mkakawo wokha. M'miyezi itatu yomaliza ya mimba amatenga ayironi kwa mayi ake n'kusunga m'chiwindi, ndiye amabadwa ndi nkhokwe yake yomufikitsa cha m'ma miyezi isanu ndi umodzi. Wochepa wa mumkakayo thupi lake limamuyamwa bwino kuposa wa mumkaka wa ng'ombe. N'chifukwa chakenso anamwino amadikira mphindi imodzi mpaka zitatu asanamange mchombo, kuti magazi otsala apite kwa mwana. Ndipo musaganize kuti mukamwa mapiritsi ambiri ndiye kuti mkaka wanu ukhala ndi ayironi wambiri. Sizitero ayi, mapiritsiwo amathandiza inuyo.

Alamu anu sakunama. Bungwe la madokotala a ana ku America limalangizadi kuti mwana woyamwa azipatsidwa miligalamu imodzi pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake tsiku lililonse kuyambira miyezi inayi. Koma ku America kulibe malungo ngati kwathu kuno. Tizilombo ta malungo ndi mabakiteriya ena nato timafuna ayironi kuti tichulukane. Kafukufuku amene anachitika pachilumba cha Pemba ku Zanzibar, wofalitsidwa mu 2006, anaimitsidwa asanathe chifukwa ana amene ankapatsidwa ayironi ndi vitamini wa folic acid ankagonekedwa m'chipatala komanso kumwalira kuposa anzawo. Lero bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati ana a miyezi 6 mpaka 23 akhoza kupatsidwa mamiligalamu 10 mpaka 12.5 patsiku kwa miyezi itatu pachaka kumadera kumene ana ambiri ali ndi magazi ochepa, koma kumene kuli malungo zimenezi ziyendere limodzi ndi kugona m'neti, kuyezetsa msanga ndi kulandira mankhwala a malungo. Ndiye nkhaniyi ndi ya kuchipatala, osati ya kufamase.

Pali ana ena amene sitidikira nawo miyezi isanu ndi umodzi. Mwana wobadwa masiku asanakwane, kapena wobadwa ndi sikelo yosafika makilogalamu 2.5, nkhokwe yake imakhala yaing'ono ndipo imatha msanga poti amakula mothamanga. Ameneyu amayamba ayironi akadali wa masabata ochepa, kawirikawiri mamiligalamu 2 pa kilogalamu iliyonse patsiku, ndipo mlingo umasintha sikelo ikamakwera. Mapasa ambiri amagwera m'gulu limeneli. Ngati munali ndi magazi ochepa kwambiri muli oyembekezera, kapena muli ndi shuga, awuzeni akusikelo amuyang'anitsitse mwanayo.

Pamene makolo ambiri amaphonya ndi pa miyezi isanu ndi umodzi. Nkhokwe ija yatha, mwana akufunika pafupifupi mamiligalamu 11 patsiku, kuposa bambo ake amene amafunika 8 okha, koma kamimba kake ndi kakang'ono. Ndiye akupatsidwa chiyani? Phala lamadzimadzi la ufa woyera, lothira shuga, ndi tiyi wa m'kapu ya amayi. Mwana akhuta, agona, koma ayironi sanapezemo. Phala likhale lolimbirako, losayoyoka pa supuni, la mgaiwa wosakaniza ndi soya kapena nsinjiro. Kazingani usipa kapena matemba ouma, sinjani mitu ndi minga yomwe, sefani, muzithira supuni yaing'ono imodzi kapena ziwiri m'phala. Chiwindi cha nkhuku chophika bwino n'kuchipota chimaposa zonsezi, kamodzi kapena kawiri pamlungu basi. Dzira, nyemba zopota, nandolo, bonongwe, chisoso ndi khwanya zimathandizanso, koma ayironi wa m'zomera salowa m'thupi mosavuta. Amafuna womuperekeza: mango, gwafa, lalanje, papaya kapena malambe pa chakudya chomwecho. Tiyi amachita zosiyana, amamanga ayironi m'matumbo kuti asalowe. Mwana wosakwana zaka ziwiri alibe naye ntchito tiyi. Bere lipitirire.

Muzimuyang'ana m'zikhatho ndi mkati mwa zikope za m'munsi. Mukaona mwayera, mwana wafooka, akukana kudya kapena akupuma mothamanga, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015-16 anapeza kuti ana 63 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi anali ndi magazi ochepa, koma si onse amene vuto lawo linali ayironi. Malungo, njoka za m'mimba, HIV, nthenda ya magazi yobadwa nayo ya sickle cell ndi kusowa kwa mavitamini ena zimachepetsanso magazi, ndipo timadontho sitichiza zimenezi. Zakumwa zofiira za m'mabotolo nazonso siziwonjezera magazi, ndi shuga ndi utoto chabe.

Inuyo mayi, WHO imalangiza mamiligalamu 30 mpaka 60 a ayironi ndi mamaikulogalamu 400 a folic acid tsiku lililonse pa mimba yonse, ndi kupitiriza masabata 6 mpaka 12 mutachira. Mapiritsi otsalawo akutiuza kuti mwina munkadumphitsa, ndipo ambiri amasiyadi chifukwa cha nseru ndi kudzimbidwa. Ngati munataya magazi ambiri pochira, mukumva chizungulire, mtima ukuthamanga mukangoyenda pang'ono, kapena mukulakalaka dothi, kayezetseni. Ngati muli bwino, dziwani kuti mayi woyamwitsa amene sanayambe kusamba amafunika mamiligalamu 9 okha patsiku, pomwe wosamba amafunika 18.

Za bambo zikutidetsa nkhawa kwambiri. Mwamuna sataya magazi mwezi ndi mwezi, ndipo thupi lilibe njira yotulutsira ayironi wopitirira muyeso. Amangounjikana m'chiwindi. Kutopa kuli ndi zifukwa zambirimbiri: kusagona (m'nyumba muli khanda), shuga, malungo, TB, nkhawa. Akayezetse Hb, womwe ndi muyeso wa kuchuluka kwa magazi. Kwa mwamuna yochepera 13 ndi yotsika, kwa mkazi ndi 12, kwa woyembekezera ndi 11. Ikapezeka yotsika, funso lotsatira n'lakuti magaziwo akupita kuti. Mwa amuna nthawi zambiri kumakhala kukha magazi mobisika: zilonda za m'mimba, makamaka kwa omwa aspirin, brufen kapena diclofenac pafupipafupi, njoka, likodzo kwa osamba m'nyanja ndi m'madambo, mwinanso khansa ya m'matumbo. Mapiritsi akhoza kukweza Hb pang'ono nthenda yeniyeni ikukulirakulira. Komanso amadetsa chimbudzi, ndiye chimbudzi chakuda cha magazi munthu osachizindikira.

Amene walemberedwa mapiritsi ndi adokotala, amwe chonchi. Piritsi la ferrous sulphate la mamiligalamu 200 lili ndi ayironi weniweni pafupifupi mamiligalamu 65. Limalowa bwino m'mimba mopanda kanthu, koma likamakuchititsani nseru imwani mutadya pang'ono kapena pogona. Pakhale ola limodzi kapena awiri pakati pa piritsi ndi tiyi, khofi, mkaka kapena mankhwala a chilungulira. Ciprofloxacin ndi doxycycline musamwere limodzi ndi ayironi. Amene ali pa ma ARV okhala ndi dolutegravir amwe ma ARV maola awiri asanamwe ayironi, kapena maola 6 atamwa ayironi, apo ayi amwere limodzi akudya chakudya, chifukwa ayironi amalepheretsa mankhwalawo kulowa bwino m'thupi. Kuwirikiza mlingo sikufulumizitsa kuchira, kumangoonjezera kudzimbidwa. Pakatha mwezi kayezetseninso, ndipo Hb ikabwerera m'malo mupitirize miyezi ina itatu kuti nkhokwe idzaze.

Mapiritsi otsalawo achotseni pawindo kapena m'chikwama chimene ana amapisamo. Amaoneka ngati maswiti, ndipo 10 okha akhoza kuika pachiswe moyo wa mwana wa makilogalamu 10. Mwana akameza amasanza ndi kutsegula m'mimba, kenako amaoneka ngati wapeza bwino kwa maola angapo pomwe chiwindi chikuwonongeka. Musadikire, ndipo musamukakamize kusanza. Thamangirani naye kuchipatala mutanyamula paketi ya mapiritsiwo.