Si paliponse pali "ngati" pamene pali chifanifani

Mtsikana wina wa Fomu 4 wandilembera kuti akamawerenga nkhani zazifupi amadula mzere paliponse pali mawu oti "ngati" poganiza kuti ndi chifanifani (mawu ofanizira chinthu china ndi chinzake), koma aphunzitsi amamuthetha. Akufunsa kuti chifanifani angachizindikire bwanji. Mwanawe, funso lakoli landikhudza kwambiri.

Ife zifanifani tinaziphunzira poloweza. Aphunzitsi ankadzaza bolodi lonse: wakuda ngati khala, woyera ngati ufa, wochenjera ngati kalulu. Tinkakopera, n'kumaimba kalasi yonse, wophonya n'kukasesa panja. Palibe tsiku limene anatitsegulira nkhani n'kutifunsa chifukwa chimene mlembi wasankhira mawu amenewo. Koma madzulo kwathu, agogo akusonkheza moto, ankasimba za mkamwini wankhuli amene ankayang'ana mphika wa apongozi ake ngati galu woona fupa. Tonse tinkaseka mpaka misozi, chifukwa munthuyo tinkamuona m'maso mwathumu, malovu ali chuchuchu. Agogowo sanapondeko m'kalasi.

Ndiye ndinene mosapsatira: kulowezetsa ana mndandanda ndi kuwapha luso lowerenga. Mwana amafika pa mayeso a MANEB akudziwa za khala ndi kalulu basi, mlembi akabwera ndi chifanifani chakechake iye n'kuchidumpha. Zimandiwawanso ndikamva makolo ena m'tauni muno akunyadira kuti mwana wawo Chichewa sachitha. Ndiye nthano azimva kwa yani? Khutu lozindikira zinthu izi limakula ndi kumvetsera, ndipo wailesi ndi foni sizingalowe m'malo mwa munthu wokufotokozera maso ndi maso.

Tsono yankho lako

"Ngati ubwera, undipeza." Apa palibe zimene zikufanizidwa. "Sindikudziwa ngati wafika." Uku ndi kukayika chabe. "Amagwira ntchito ngati mlonda" akhoza kukhala mlonda weniweni wolandira malipiro. Koma mlembi akati mayi anaima pakhomo usiku wonse ngati mlonda, kudikira mwana wawo, chimenecho ndiye chifanifani, pakuti mayiyo si mlonda.

Uzidzifunsa kuti, kodi pali zinthu ziwiri zosiyana? Nanga zikufanana pa chiyani? Usaiwalenso kuti "monga" ndi "kunga" nawonso amafanizira zinthu. Poyankha pa mayeso utchule zinthu ziwirizo ndi khalidwe limene lazilumikiza, monga kusagona ndi kukhala tcheru kwa mayi uja.