Bambo anga anaferanji nkhondo ya eni?

FUNSO: Malume, bambo anga anali msilikali ku Moyale kuno ku Mzuzu. Anawatumiza ku Mozambique ndili ndi zaka zisanu, ndipo anabwerako ali m'bokosi. Chimene ndimakumbukira ndi fungo la polishi Lamulungu madzulo, iwo ali pakhonde kupukuta jombo mpaka kudzionerapo nkhope, ine nditawagwirira burashi. Thiranki yawo ikadali kunsi kwa bedi la amayi. Muli lamba, chithunzi chimodzi ndi makalata awiri osatchula kumene anali, ongoti "kuno tili bwino, ana asajombe kusukulu." Sabata yatha mwana wanga wa Fomu 2 anandifunsa kuti, "Agogo anaferanji nkhondo ya eni?" Ndinasowa pogwira. Ndimuyankhe chiyani?
Mayi wa ku Chibavi, Mzuzu

YANKHO: Mayi, pepani ndithu. Mwana wanuyo wafunsa chimene akuluakulu ambiri ankangomeza, poti masiku a Kamuzu nkhani za asilikali sizinali zocheza pamsika.

Nkhondoyo inali yapachiweniweni, pakati pa boma la Frelimo ndi zigawenga za Renamo, kuyambira 1977 mpaka 1992. Koma mawu akuti "ya eni" ndikuwakana. Ife tilibe doko. Feteleza, mafuta a galimoto ndi mchere zinkabwera kuchokera ku madoko a ku Mozambique pa njanji ziwiri: ya ku Beira, ndi ya ku Nacala yodzera pa Nayuchi, Cuamba ndi Nampula. Renamo inaziphwasula zonse, ndipo pofika 1984 sitima zinali zitaima. Fodya ndi tiyi wathu anayamba kuzungulira mpaka ku Durban, ndipo mtengo wa ulendo wautaliwo unagwera aliyense, ngakhale mlimi wa ku Rumphi amene Nacala ankangoimva dzina. Ine nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa ku Ntcheu. Kutsidya kwa msewu, ku Mozambique, kunali mabwinja okhaokha, kuno kwathu misasa ya othawa nkhondo, amene m'dziko lonse anafika pafupifupi miliyoni imodzi.

Ndale nazo zinalipo, ndipo mwana wa Fomu 2 si wakhanda woti mum'bisire. Mu September 1986 atsogoleri Samora Machel wa ku Mozambique, Kenneth Kaunda wa ku Zambia ndi Robert Mugabe wa ku Zimbabwe anabwera ku Blantyre kudzam'loza chala Kamuzu kuti akuthandiza Renamo. Boma lathu linakana. Mwezi wotsatira Machel anafa pangozi ya ndege ku Mbuzini, m'dziko la South Africa. Mu December Malawi ndi Mozambique anagwirizana pa zachitetezo, ndipo mu 1987 asilikali athu analowa mu Mozambique kukalondera njanji ya Nacala. Akuluakulu anasaina mapepala, koma amene anakagona m'tchire ndi anthu ngati bambo anu.

Ntchito yake inali yoperekeza sitima ndi kulondera milatho pamodzi ndi okonza njanji. Mdani wake sankabwera masana ndi mbendera ayi. Ankakwirira mabomba, kapena kubisalira sitima pamene ikuyenda pang'onopang'ono. Mtendere anakasainira ku Rome pa 4 October 1992, bambo anu atagona kale.

Ndiye mwanayo mumuuze chonchi: agogo ako ankalondera njira imene inkabweretsa feteleza ndi mchere kuno kwathu. Musawonjezere zoti anapha adani angati, poti inu simunaliko, nanenso sindinaliko.

Amene analiko ena akadali moyo, ndipo mu Mzuzu momwemo simungawasowe. Mwezi wa November, pamene anthu amavala kaduwa kofiira pokumbukira asilikali, mum'tenge mwanayo akaone madala a mamendulo pachifuwa. Munyamule chithunzi chija. Msilikali amaiwala zambiri, koma nkhope ya mnzake amene anadya naye m'mbale imodzi saiiwala msanga. Muyang'anenso bwino m'thirankimo, kuseri kwa lamba kapena pamwamba pa makalata, ngati pali nambala yawo ya usilikali, chifukwa mukafuna kufunsa za mbiri ya ntchito yawo, nambalayo ndi imene adzayambe kukufunsani.

Makalata awiriwo musam'werengere. Mum'patse awerenge yekha, makamaka pamene akunena za kujomba.