Za katochi kotchajira m'soketi ya galimoto: yambani mwaona soketiyo

Achimwene, mwafunsa ngati katochi kakang'ono kolowetsa m'soketi ya choyatsira fodya kangagwire mu Sienta yanu komanso mu lole ya kuntchito, ndiponso zoyenera kuyang'ana pogula. Matochi amenewa ndi abwino, koma ambiri amene amati "anandigulitsa chakufa" vuto limakhala soketi yawo, osati tochi.

Yambani ndi mphamvu ya magetsi. Sienta ndi galimoto zina zing'onozing'ono ndi za 12V, ndipo injini ikamalira mphamvuyo imakwera kufika cha m'ma 14V. Malole ambiri ndi mabasi akuluakulu ndi a 24V, koma bowo la soketi limaoneka chimodzimodzi. Tochi yolembedwa 12V yokha mukaibaya mu lole ya 24V imapsa, mwina tsiku lomwelo. Popeza mukufuna yogwira konsekonse, pezani yolembedwa 12-24V pathupi pake kapena papaketi. Ngati sanalembe chilichonse, isiyeni, ngakhale wogulitsa alumbire.

Kenako dziwani ngati soketi yanu imakhala ndi moto kiyi atachotsedwa. Bayani chaja ya foni yokhala ndi kanyale, zimitsani injini, chotsani kiyi, tsegulani chitseko n'kutseka, mudikire pang'ono. Galimoto zambiri zochokera ku Japan zimadula moto kiyi akachoka pa ACC (pamene wailesi imalira injini ili yozima), ndiye kuti tochi imatchajika pokhapokha mukuyenda. Apa ndi pamene anthu amakhumudwa. Matochi amenewa amamwa moto pang'onopang'ono, amafuna maola angapo kuti adzaze, ndiye ngati maulendo anu ndi ochoka kunyumba kupita pa boma n'kubwerera, idzakhala yanjala nthawi zonse. Woyenda mtunda wa ku Monkey Bay kapena ku Liwonde pafupipafupi alibe vuto limeneli. Ngati soketi yanu sidula moto, tochi izidzaza bwino, koma galimoto ikamaima masabata muziizula, makamaka batire la galimoto likakhala lotopa kale.

Kukwana kwake nakonso n'kofunika. Bowolo ndi la mamilimita pafupifupi 21, koma pali masaizi awiri osiyana ndi theka la milimita, ndipo kusiyana kochepako n'kokwanira kuti tochi izigwedera. Moto umalowa pa kansonga kapakati, kamene kayenera kugunda pansi pa soketi, n'kubwerera kudzera pa tizitsulo ta m'mbali. Dinani kansongako ndi chala: kazilowa n'kubwerera kokha ndi mphamvu. Tizitsulo ta m'mbali tikakhala tofewa, mabampu a misewu yafumbi ya ku Makanjira kapena ku Katuli amatulutsa tochiyo pang'onopang'ono, inu n'kumaganiza kuti ikutchaja pamene inasiya kalekale. N'chifukwa chake musagule yopanda kanyale kosonyeza kuti moto ukulowa. Pitani ndi galimoto pomwe akugulitsapo, muibaye, muigwedeze ndi dzanja, muone ngati kanyaleko kakuphethira. Onaninso kuti mbali yotsala kunja sikugunda giya.

Kanyale kakapanda kuyaka, musathamangire kubweza tochi. Unikani m'soketimo. Kuno mchenga ndi dzimbiri sizisowa, ndipo soketi imene inkayatsira fodya imakhala ndi phulusa louma pansi pake. Chotsani kiyi, ndipo ngati soketiyo sidula moto zulaninso fyuzi yake, kenako palani ndi kamtengo kouma kokulunga kansalu. Sikuludalaiva ayi, chifukwa ikakhudza pakati ndi m'mbali nthawi imodzi fyuzi imapsa. Kandalama kachitsulo kogweramo kamachitanso zomwezo. Fyuzi yake pa chivundikiro cha bokosi amailemba CIG, kapena dzina lina losonyeza soketi, ndipo kawirikawiri imakhala ya 10A, yofiira, kapena ya 15A, yabuluu. Ikapsa, bwezeranipo ya nambala yomweyo. Zomanga kawaya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya m'malo mwa fyuzi zija n'zimene zimasungunula mawaya kuseri kwa dashibodi.

Kutentha kwa kuno musakuderere. Mu Okutobala ndi Novembala galimoto yotsekedwa padzuwa imatha kupitirira madigiri 60 mkati, ndipo palibe batire limene limakondwa nazo. La lithium limafooka msanga, nthawi zina kufufuma kumene. La NiMH, limene lili m'matochi ambiri a mtunduwu, limapirira pang'ono koma limataya moto likangokhala. Imikani galimoto pamthunzi, ndipo mukadziwa kuti galimoto itandala padzuwa tsiku lonse, ikani tochi m'thumba. Ikafufuma kapena kuyamba kununkha, musaibayenso.

Musayembekezere zambiri kwa katochi kameneka. Batire lake ndi laling'ono zedi, nthawi zambiri limayaka ola limodzi kapena awiri, kuwala kukucheperachepera. N'kokwanira kusintha tayala usiku, kuona madzi ndi oyilo, kapena kufunafuna nati yagwera mu udzu. Ubwino wake ndi woti mumadziwa pamene ili. Ngati mukufuna yoti muzikaunikiranso kunyumba magetsi akazima, kapena kudoko m'mbandakucha, gulani chaja ya USB ya m'galimoto yolembedwa 12-24V pamodzi ndi tochi ya batire la lithium lotchedwa 18650 yotchajira pa USB. Batire lenileni la mtunduwu silipitirira kwenikweni 3,500mAh (muyeso wa moto umene limasunga), ndiye mukaona lolembedwa 9,900mAh dziwani kuti nambalayo ndi yabodza. Tochi yovala kumutu ndiye yabwino koposa posintha tayala, chifukwa manja onse awiri amakhala pa jeke ndi sipanala.