Backgammon: nditseke kwathu kapena ndiponye nangula kwa mdani?

FUNSO: Ndimagwira ntchito m'lesitilanti ina ku Cape Town, ndipo abwana anga, omwe kwawo ndi ku Turkey, anandiphunzitsa backgammon, masewera a anthu awiri a mabatani ndi madayisi pa bolodi, yomwe iwo amati tavla. Vuto langa lili pa chiyambi. Dzana ndinayamba ndi 4-3 pa madayisi, ndinasewera 24/20 ndi 13/10 (batani limodzi kuchoka pa malo, kapena kuti pointi, 24 kupita pa 20, lina kuchoka pa 13 kupita pa 10). Iwo sanandimenye. Kenako ndinaponya 4-2, ndinatseka pointi 4 ya kwathu poikapo mabatani awiri (8/4, 6/4). Abwana anapukusa mutu, nthawi yomweyo anamenya batani langa la pa 20, ndipo ndinaluza kawiri. Kodi ndikanatani? — Wowerenga wanu, Cape Town

YANKHO: Achimwene, abwana anuwo anapukusa mutu ndi chifukwa. Pa 4-2 imeneyo ine ndikanasewera 24/20 ndi 13/11, kuti mabatani awiri akhale limodzi pa 20.

Malo amene inu mumati 20 ndi pointi 5 ya mdani wanu, ndipo pa bolodi yonse palibe malo ena amene iye amawafuna kuposa amenewo. Batani lanu likakhala lokha pamenepo, mdaniyo ali ndi mabatani asanu pa pointi 6 yake ndi atatu pa 8 yake amene akungodikira kulimenya. Mukaikapo lachiwiri mwaponya nangula (mabatani anu awiri pa pointi imodzi kwawo kwa mdani, amene sangamenyedwe), ndipo zinthu zitatu zasintha. Sangatsekenso mapointi onse 6 a kwawo, choncho ngakhale akumenyeni kangati, muli ndi khomo lolowera. Chachiwiri, mwatsala pang'ono kutuluka: 6 imodzi yokha ikukufikitsani pa 14. Chachitatu, batani lililonse limene iye atsitse kuchokera pa 13 yake n'kulisiya lokha, lili pamaso pa mabatani anu awiri. Paul Magriel, katswiri wa ku America amene analemba buku lodziwika la masewerawa mu 1976, anatcha malo amenewa pointi ya golide, ndipo mpaka lero osewera amawatchula choncho.

Pointi 4 imene munatseka si yoipa. Mukaponya 4-2 pa ulendo woyamba weniweni, mabatani anu awiri akumbuyo ali limodzi pa 24, 8/4 ndi 6/4 ndiye kasewero kolondola, palibe wotsutsa. Koma inu munali mutawasiyanitsa kale. Munamanga kwanu uku anthu awiri ali panja, aliyense payekha.

Tsono musamve ngati ndikuti nangula amapambana nthawi zonse. Tiyerekeze kuti 4-3 ija munasewera 24/21 ndi 13/9, kenako mwaponya 3-1, mdani asanamange chilichonse choopsa. Apa mutha kuponya nangula pa 21, kapena kutseka pointi 5 yanu ndi 8/5, 6/5. Ine ndimatseka 5. Pamodzi ndi 6 ndi 8, imakhala maziko a mpanda wotsekera mabatani ake awiri akumbuyo, komanso imamulanda iye mwayi woponya nangula wake wa golide kwanu. Pa 21 ndi malo abwino, koma safika pamenepo. Mndandanda umene ndimasunga m'mutu ndi uwu: 5 yanga, kenako 20, kenako 4 yanga, pambuyo pake 21 ndi 7.

Mndandandawo ndi poyambira chabe. Musanagwire batani, yang'anani kwa mdani. Ngati watsitsa kale mabatani pa 9, 10 kapena 11 yake, kapena watseka pointi ina kwawo kuwonjezera pa 6, nangula amakwera mtengo msanga. Taonani manambala: madayisi awiri amagwa m'njira 36. Mdani akatseka mapointi awiri, mumalephera kulowa m'njira 4 zokha. Akatseka atatu, ndi njira 9, kamodzi pa kanayi. Akatseka anayi, ndi 16. Ndiye kumenyedwa pa ulendo wachiwiri n'kopepuka, koma kumenyedwa pa ulendo wachisanu kumatha kuthetsa masewera. Ngati mabatani ake akadali mulu pa 13, 8 ndi 6, alibe zida zokwanira, ndipo muli ndi nthawi yomanga kwanu.

Yang'ananinso ngati iye waponya kale nangula pa 5 kapena pa 4 yanu. Zikatero mpanda wanu ulibenso womutsekera, ndipo kutseka pointi 3 kapena 2 kumbuyo kwake n'kutaya mabatani. Pamenepo thamangirani nangula wanu kuti mufanane.

Kuluza kawiri kumene mwatchula, kumene amati gammon (kuluza musanachotse batani ngakhale limodzi pa bolodi, zomwe zimawerengedwa kawiri), n'chifukwa chinanso. Ngati mukusewera mpikisano wa mapointi ndipo gammon imodzi ingamupatse iye mpikisano wonse, sankhani nangula ngakhale pamene pointi ya kwanu ikukopani. Ngati ndinu amene mukufunikira gammon, tsekani kwanu ndi kumuukira.

Pa nkhani yosiyanitsa mabatani akumbuyo msanga, musasiye chifukwa cha zomwe zinachitika dzana. Akatswiri akale akaponya 4-1 kapena 5-1 poyamba, ankakonda kuika batani lokha pa 5 (6/5). Mu 1992 Gerald Tesauro wa ku IBM anatulutsa pulogalamu ya kompyuta yotchedwa TD-Gammon, yomwe inaphunzira posewera yokhayokha, ndipo inkakonda 24/23. Akatswiri anaitsatira. Cholinga cha kusiyanitsako ndi kupeza nangula wapamwamba, choncho madayisi akakupatsani nambala yolumikizira pa 20, itengeni.

Ndipo mukaponya 4-4 pa ulendo wanu woyamba, nthawi zambiri simufunikira kusankha: 24/20 awiri, 13/9 awiri. Pulogalamu ya GNU Backgammon ndi yaulere. Ikanimo malo a mabatani monga analili pa 4-2 ija, muone kusiyana kwa makasewero awiriwo musanakhalenso pansi ndi abwana.