Eriyo ikungolira osatuluka: musathamangire kugula yonse

Achimwene, mwati eriyo ya Toyota Camry yanu imangolira kumbuyoko mukayatsa wayilesi koma mlongoti osatuluka, ndipo makaniko wakuuzani kuti mugule yatsopano yonse ndi mota yomwe. Ine ndikuti dikirani kaye. Ngati mota ikumveka kulira ndiye kuti ili moyo ndipo magetsi akufika. Chomwe chimafa kawirikawiri ndi kachingwe koyera ka pulasitiki kokhala ndi mano, komwe kamalumikizidwa kunsi kwa mlongoti n'kumadzikulunga m'kabokosi ka mota. Mano aja akadyeka, kapena kachingweko kakaduka, giya imangozungulira pachabe. Kachingweka kamagulitsidwa pamodzi ndi mlongoti wake, ndipo ndalama yake ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi eriyo yathunthu.

Pofuna kuchotsa, masulani nati ya pamwamba, yomwe ili pomwe mlongoti umatulukira. Ili ndi timipata tiwiri, pulayala ya nsonga imagwira bwino, koma kutani kaye penti ndi kansalu kuti musakande galimoto. Kenako wina ayatse wayilesi, inu mugwire mlongoti n'kumakoka pang'onopang'ono mota ikamazungulira. Apa ndiye tsegulani maso: onetsetsani mbali yomwe mano a chingwe ayang'ana pamene chikutuluka, chifukwa chatsopanocho chiyenera kulowa chimodzimodzi. Mukalowetsa mozondoka, giya siichigwira.

Mukachitulutsa, yezani kutalika kwake ndi chatsopano. Chakale chikakhala chachifupi, ndiye kuti chidutswa chinatsalira m'kati, ndipo apa palibe kuchitira mwina koma kutsitsa mota yonse. Pa Camry imakhala m'buti, kuseri kwa kapeti ya m'mbali. Zulani pulagi ya magetsi ndi waya wakuda wonenepa wopita ku wayilesi, masulani bawuti yomwe yaigwira, n'kuitulutsa. Tsegulani kabokosiko, chotsani tizidutswa tonse ndi girizi yakale yomwe imakhala itauma gwa ndi fumbi, pakani girizi yoyera pang'ono. Anthu ambiri amadumpha ntchito imeneyi, n'kulowetsa chingwe chatsopano pamwamba pa zinyalala, pakatha mwezi chadukanso, kenako amvekere zinthu za masiku ano n'zosalimba. Onaninso kapaipi ka rabala kunsi kwake, kotayira madzi a mvula. Kakatsekeka, madzi amadikha m'kati mpaka mota kuchita dzimbiri.

Pobwezeretsa, lowetsani nsonga ya chingwe mpaka itagunda giya, wina azimitse wayilesi, mota idzakoka yokha. Ikalekeza pakati musaikankhe ndi dzanja, ingoyatsani ndi kuzimitsa kangapo mpaka mlongoti utakhala m'malo mwake, kenako mangani nati ija.

Zikanakhala kuti mota ili zii osamveka n'komwe, tikanayambira pa fyuzi, kenako waya wopereka chizindikiro kuchokera ku wayilesi, womwe nthawi zambiri umakhala wa buluu. Amene anasinthitsa wayilesi amakumana nazo zimenezi, woika uja akaiwala kulumikiza wayayo. Komanso ngati galimoto yanu inachokera ku Japan ndi wayilesi yake, dziwani kuti zakale za kumeneko zimagwira FM kuyambira 76 kulekeza 90 MHz, pomwe nyumba zambiri zoulutsa mawu kuno zili pamwamba pa 90. Eriyo ngakhale itatuluka bwanji, simuzimva popanda kachipangizo kotchedwa band expander.

Pamene mukufunafuna mlongoti, zulani pulagi ya eriyo m'buti muja kuti mota isamapitirize kupera zidutswa nthawi iliyonse mwayatsa wayilesi. Popita kwa ogulitsa zipangizo, kaya ku Biwi kaya ku Ndirande, nyamulani wakalewo m'manja, chifukwa mano ndi kutalika zimasiyana malinga ndi mtundu wa galimoto. Mukakonza, muzipukuta mlongoti ndi nsalu yonyowa mukamatsuka galimoto, makamaka m'nyengo ya fumbi, koma osaupaka girizi wambiri kunja, amangomata fumbi n'kulilowetsa m'kati.