Mphoto ya kukwera ndege basi? Yankho kwa mchemwali wophunzira saikoloji

Mchemwali wina amene ali chaka chachitatu cha saikoloji wanditumizira imelo. Akuti anawerenga zoti bungwe la akatswiri a saikoloji ku America, lija amati APA, limapereka mphoto kwa munthu amene wathera zaka zake zambiri kulumikizitsa akatswiri a m'maiko osiyanasiyana, nde akufunsa kuti kodi imeneyi si mphoto ya kukwera ndege ndi kugona m'mahotela basi? Akuti wopeza njira yothandizira odwala matenda a maganizo ndiye zikumveka, nanga uyu wagwira ntchito yanji?

Achemwali, funso lanu ndi labwino koma ine sindikugwirizana nanu, ndipo ndiyambire pa mabuku omwe mukuwerenga m'kalasimo. Mu 2008 Jeffrey Arnett anawerengera anthu amene amafufuzidwa m'majenalo akuluakulu a saikoloji, anapeza kuti 68 pa 100 alionse anali a ku America, ndipo 96 pa 100 anali ochokera m'maiko olemera a azungu, maiko oti anthu ake onse pamodzi ndi 12 pa 100 ya anthu a padziko lapansi. Tanthauzo lake ndi loti buku likamati "munthu amaganiza chonchi", nthawi zambiri munthuyo ndi mwana wa pa yunivesite ku America. Ife kulibeko.

Ndipo zimenezi zimapweteka ana enieni. Robert Serpell, amene anakhala zaka zambiri pa University of Zambia mpaka kudzakhala mkulu wake, anachita kafukufuku amene anatuluka mu 1979. Anatenga ana a ku Zambia ndi ana a ku England nkuwauza kuti atengere zithunzi zomwe awaonetsa, mwina pojambula ndi pensulo papepala, mwina popinda waya, mwina poumba ndi dongo. Papepala ana a ku England anapambana. Pa waya, eee, ana a ku Zambia anawasiya kutali, ana oti anazolowera kukhala pansi nkumapinda waya mpaka itatuluka galimoto ya chiwongolero chachitali chija. Pa dongo anafanana. Nde taganizani, akanangowayesa ndi pensulo yokha lipoti likanati ana a kuno nzeru ndi zochepa, ndipo lipotilo ena akanalikhulupirira nkumapangira mfundo za sukulu.

Kuti zoterezi zimveke kunja pamafunika munthu woti akhale m'makomiti otopetsa aja zaka ndi zaka, kumalemba makalata, kusaka ndalama ya tikiti ya mnzake wa dziko losauka, kukakamira kuti jenalo isindikize ntchito yochokera ku Lusaka kapena ku Istanbul, kumasulira mafunso a kafukufuku nkuonetsetsa kuti akufunsabe chinthu chomwecho. Ntchito imeneyi dzina lako silimveka nayo, uli ngati mayi uja watchezera kukhitchini pa ukwati pomwe anthu akuombera m'manja amene ali kutsogolo.

Taonani amene analandirapo. Mu 1991 inapita kwa Otto Klineberg, wobadwira ku Canada, amene m'ma 1930 anaonetsa kuti ana achikuda ochokera kum'mwera kwa America ankakhoza bwino mayeso a nzeru malinga ndi zaka zomwe akhala ku New York, kusonyeza kuti vuto linali sukulu ndi umphawi osati khungu. Umboni wa mtundu umenewu unathandiza pa mlandu wa 1954 womwe unathetsa tsankho m'sukulu za boma kumeneko, ndipo a Klineberg anagwiranso ntchito ku UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe. Mu 1993 inapita kwa mayi Çiğdem Kağıtçıbaşı a ku Turkey, amene anatsutsa zoti mwana wodziimira payekha amayenera kutalikirana ndi banja lake, iwo ankati mwana atha kukhala wodzidalira koma ali womangika ndithu kwa makolo ndi abale. Ife izi timazidziwa kuyambira kale koma panafunika wina akazilowetse m'mabuku.

Koma amene amandikhudza kwambiri ine ndi a Saths Cooper a ku South Africa, omwe analandira mu 2014. Bambo amenewa anali limodzi ndi Steve Biko polimbana ndi tsankho, anawamanga nkukakhala zaka zoposa zisanu ku Robben Island m'chigawo chimodzi ndi Nelson Mandela, ndipo digiri yawo yoyamba ya saikoloji anaimalizira kundende komweko pophunzira kudzera m'makalata. Atatuluka anakatenga PhD ku Boston University. Nthawi imeneyo akatswiri a saikoloji ku South Africa anali ogawanika chifukwa cha tsankho lomwelo, iwo anali m'gulu la anthu omwe anayambitsa bungwe la onse la PsySSA mu 1994. Kenako msonkhano waukulu wa saikoloji wa dziko lonse, umene unayamba ku Paris mu 1889, unabwera ku Cape Town mu 2012, koyamba pa nthaka ya Africa patatha zaka 123, ndipo chaka chomwecho anawasankha kukhala pulezidenti wa bungwe la IUPsyS, lomwe limaphatikiza mabungwe a saikoloji a m'maiko osiyanasiyana. Nanga munthu wotere tinganene kuti anangokwera ndege?

Pena pake mukunena zoona, ndisakubisireni. Mphoto zoterezi zimabwera mochedwa, a Klineberg anamwalira chaka chotsatira atalandira, komanso zimakonda kupita kwa anthu omwe anali kale ndi mwayi wofika pa misonkhano. Lekichala wa kuno amene malipiro ake sakwanira tikiti, viza amukaniza, ndalama yolembetsera ndi ya madola, angalumikizane bwanji ndi anzake? Zimandiwawa zimenezi, ndipo ine wolandira mphotoyi ndimamuyeza pa chinthu chimodzi, kuti ndi angati omwe anawalowetsa m'chipindamo amene pawokha sakanafika.

Inuyo mukatsala pang'ono kumaliza, fufuzani za Pan-African Psychology Union, bungwe la akatswiri a saikoloji a mu Africa, lomwe linachita msonkhano wake woyamba ku Durban mu 2017. Msonkhano wa dziko lonse uja umachitika pakatha zaka zinayi zilizonse, wa 2024 unali ku Prague ndipo wa 2028 udzakhala ku Melbourne, nde kafukufuku wanu wa chaka chomaliza mumulembe mosamala kuti mudzathe kutumiza chidule chake.